Tsiku Limene Apongozi Anandikhalira

Anthu amene anawerenga buku langa loyamba la nkhani zaumbanda amakonda kundifunsa za mutu umodzi, uja chigawenga Kanyoza amagwidwa ali m'thumba la mbatata ya kachewere. Amati ndinaziganiza bwanji zimene zija, poti munthu ukamawerenga umachita kumva fumbi m'mphuno. Ine ndimangoseka n'kunena kuti ndi mphatso. Bodza limenelo. Sindinaganize kanthu ine, ndinalowamo ndekha m'thumbamo, ndipo mmene ndinatulukiramo ndi nkhani imene ndaibisa mpaka mutu wonsewu wachita mbuu. Lero ndiinene basi, poti amene akanachita nayo manyazi anatisiya kale, kupatula ineyo (ndipo ine manyazi anandithera tsiku lomwelo).

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi, apulofesolo monga ankatiitanira, pa kasikola kena ku Ntengo-Wambalame. Kwathu kwenikweni ndi ku Chidzolomondo, koma boma litanditumiza kumeneko ndinapezako mkazi, a Nabanda, n'kukhala pachikamwini kwawo. Nkhondo inali itafika kale m'dera lathu, ngakhale inali isanatibalalitse. Njira yopita ku Macanga inali yoti ukangoilowa, abale amayambiratu kukulira.

Matenda olemba ndinawatenga m'mabuku a Chipwitikizi a nkhani za apolisi amene mwini loja (sitolo) wina anasiya pothawa. Mabukuwo ndinawapeza ali m'manja mwa madala osuta, ndipo onse masamba omalizira anali atapichirira kale fodya. Tangoganizani: munthu waphedwa, wapolisi wasonkhanitsa anthu onse m'chipinda, watukula chala kuti aloze wakuphayo, buku n'kuthera pomwepo! Ndinkachita kudwala nazo. Ndiye ndinayamba kulemba ndekha mathero, kenaka ndinati aa, bwanji osangolemba ndi chiyambi chomwe. Ndinkalemba m'mawa sikola isanayambe, nditadzikulunga m'gombeza, ndikukukuta chimanga chokazinga, chifukwa mutu wanga suyenda ngati nsagwada zaima. Loweruka masana ndinkawerengera anzanga ogwira ntchito za boma zimene ndalemba sabata imeneyo, ndipo kupatula nkhunda zanga, palibenso china chimene chinkandisangalatsa padziko.

Koma ndinali ndi lamulo limodzi limene ndinkanyada nalo kwambiri: sindilemba chinthu chimene sindinachiyese ndi thupi langa. Kanyoza akamangidwa manja, nanenso ndinkauza munthu andimange, ndione ngati khonje limadulika ndi mano (limadulika, koma dzino lakutsogolo ili linagwedera mpaka lero). Tsiku lina ndinavala nsapato za apongozi aamuna n'kuyenda chafutambuyo m'munda wa nyemba, kuti ndione ngati mapazi otere angapusitse wapolisi wanga, Inspetolo Dzonzi. Amayi ena opita kumadzi anandiona, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa kwa a Nabanda amatamba masana.

Madzulo ake a Nabanda sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangonena motsitsa kuti, "Mukadzachitanso chimodzi chokha, ndidzaitana ankhoswe. Mudzanyamula timapepala tanuto ndi nkhunda zanu, muzikayesera kwanu ku Chidzolomondo." Mkazi ameneyu sabwereza mawu. Ndinalumbira, ndipo ndinasungadi lumbirolo mpaka mwezi wa Junyu.

Chinandigwetsa ndi a Zuze, anamwino a pa posto, kachipatala ka m'dera lathu. Loweruka lina ndinawerenga mutu umene Kanyoza amadutsa pa kontololo, pamene asilikali amasecha odutsa pamsewu, atasokeredwa m'thumba la kachewere, kenaka n'kudzitulutsa yekha ndi lamina yometera ndevu. Ndinawerenga ndi mawu onse, mpaka kuimirira. Nditamaliza a Zuze anaseka n'kugwira nthiti, amvekere munthu wamkulu sangakwane m'thumba, akakwana sangapume, akapuma sangadzitulutse. Anzathu enawo anagwedeza mitu kuvomereza. Iii, magazi anandithamanga! Sabata yonse ndinkaphunzitsa ana kuwonkhetsa maso ali pa matumba a kachewere odutsa pa ngolo, ndikuwayeza m'mutu.

Mwayi unabwera Loweruka lotsatira. A Nabanda analawirira kumsika, apongozi aamuna anali ku maliro kutsidya, apongozi aakazi anapita kudimba. Panyumba panatsala ine ndi alamu anga a Domingo, munthu wa ndevu zake ndi ana ake, koma woti ukamuuza zopusa amafunsa kuti tiyambe liti. Tinapita m'chisakasa mmene munali matumba a kachewere. Ndinavula malaya ndi buluku n'kuzipinda bwinobwino pamtanda wa denga, chifukwa zovala zophunzitsira zinali zomwezo basi, ndipo nsalu masiku amenewo inkasowa ngati mchere. Ndinatsala ndi kabudula wamkati, woti sindingakufotokozereni. Lamina ndinaipana pakati pa zala zakuphazi, monga momwe ndinalembera.

Ndinalowa m'thumba la chiguduli, mawondo pachibwano. A Domingo anathira kachewere m'mbali ndi pamwamba, n'kusoka kukamwa ndi chisingano chija, akuseka mpaka kutsokomola. Kenaka analigoneka thumbalo chammbali pakati pa anzake. Ndinawauza kuti achoke, asamandidikire, chifukwa Kanyoza analibe mlamu womulondera. Tinagwirizana kuti abwere mthunzi wa pichesi ukafika pakhomo la chisakasa. Ndinawamva akuimba mluzu kulowera kwa anansi athu, kumene ndinaiwala kuti tsikulo kunali mowa.

Abale anga, chimwemwe chake! Ndakwana! Ndikupuma! Ndinkaona timabowo ta kuwala m'chiguduli, ndikumva fungo la dothi, ziganizo zikungobwera zokha m'mutu. Ndinaganiza za nkhope ya a Zuze ndipo ndinaseka ndekha m'thumba. Chinatsala n'kutenga lamina basi. Ndinatumiza dzanja kuphazi, dzanja linakafika pabondo n'kukanirira pomwepo, kachewere atalipanikiza. Ndinati chabwino, phazi libwere kudzanja. Nditangotambasula zala, lamina inapulumuka n'kulowa pakati pa mbatata, ndipo mpaka lero sindidziwa anaidya ndani.

Sindinade nkhawa poyamba. Ndinati nayonso ndi nkhani, Kanyoza akhoza kutaya lamina. Mwendo unachita dzanzi, kenaka winawo. Nkhuku ina inapeza chala changa chachikulu chitasuzumira pabowo n'kuyamba kuchijompha modekha, ngati yalembedwa ntchito. Ndipo ndili mkati molimbana ndi nkhukuyo pogwedeza chala, ndinamva mawu a amayi awiri akubwera. Amodzi anali a Nangondo, anzawo a apongozi. Enawo anali apongozi aakazi eni ake, atabwerera kudimba chifukwa chisanu chinali chisanasungunuke.

Amene simunakhale pachikamwini mwina simungamvetse. Ine ndi amayi amenewa tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kutembenukira kwina. Tikafuna kulankhulana tinkakhala patalipatali, wina kuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo, mawu n'kumadutsira mwa a Nabanda. Ngakhale kudya sankandiona ndikudya. Ndiye ndiwo amenewa analowa m'chisakasa, naima kaye pakhomo, kenaka n'kuuza a Nangondo kuti akhale pompo asankhe mbewu. Ndinamva mapazi akuyandikira, chitenje chikukhudza chiguduli, basi dziko lonse linanditsikira panthiti.

Apongozi sanali munthu wochepa thupi. Mpweya unatuluka wokha, ndipo ndinauluma ndi mano kuti usamveke. Ndikanatani? Ndikalankhula, ndiye kuti mkamwini wapezeka pansi pa apongozi ake ali ndi kabudula wamkati yekha, pamaso pa a Nangondo amene pakamwa pawo sipatsekeka. Madzulo omwewo ankhoswe akanakhala pabwalo, ndipo m'mawa mwake ine ndi nkhunda zanga tikanakhala panjira ya ku Chidzolomondo. Ndinasankha kukhala mbatata.

A Nangondo anadandaula kuti kukuzizira, pansi sipakhalika. Apongozi anayankha kuti iwo apeza pabwino, pofundira. Kenaka a Nangondo anafunsa za ine, kuti akamwini a mabuku aja ali kuti.

"Sapita patali amene aja," anatero apongozi. "Ali chapafupi pompano."

Ndiye anandiyamba. Anati mkamwini wawo amapha anthu m'mawa uliwonse papepala, koma nkhuku ikafuna kuzingidwa amaitana Domingo. Anati khasu amaligwira ngati kaneta yolembera, akalima mzere umodzi amaima n'kumayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera. Anati chimanga cha m'nkhokwe chikutha osati ndi anankafumbwe koma ndi kukazinga. Ndipo chilichonse chimene ananena ankachitsindika podzikonza kakhalidwe, kunyamuka pang'ono n'kukhalanso, moti mlandu uliwonse ndinkaumva kawiri, m'khutu ndi m'nthiti. A Nangondo anafunsa kuti nanga akumusungiranji munthu wotere. Ndinamva mbatata zikugwera m'dengu, kenaka apongozi anati mwana wawo sanamenyedwepo ngakhale kamodzi, ndipo amaseka m'nyumba mwake. Ndinafuna kulira, koma malo olirira munalibe.

Apa ndiye ndinkaganiza kuti zafika poipa. Zinali zisanayambe.

Agalu anauwa, nkhuku ija inasiya chala changa n'kuthawa, ndipo ndinamva nsapato zolemera pabwalo. "Bom dia, mamã. Com licença," wina anaodira m'Chipwitikizi. Anali amilisiya, anyamata a m'midzi yomweyi amene anapatsidwa mfuti kuti azilondera. Mkulu wawo anafotokoza kuti kwamveka zoti anthu ena akutumiza chakudya kwa zigawenga za kutchire, ndipo ena akubisa amuna m'nkhokwe ndi m'matumba, ndiye akuyenda nyumba ndi nyumba. Anali ndi chitsulo chosongoka chija chobayira matumba. Ndinamva chikulowa m'thumba loyamba, fwee, n'kutuluka.

Mutu umene ndinawerengera a Zuze unali ndi zimenezi ndendende, ndipo mmenemo Kanyoza ankamwetulira mumdima. Ndikuuzeni ine amene ndinaliko: munthu samwetulira. Thukuta linatuluka m'chisanu cha Junyu, mtima ukugunda mpaka ndinaopa kuti mbatata zigubuduka. Ndikakhala chete, chitsulo chilowa m'mimba. Ndikafuula, apeza mwamuna wobisika m'thumba, wopanda malaya, wopanda dokumento yomuzindikiritsa, ndipo ndani masiku amenewo akanamvera zoti ndikuyesera buku? Akananditenga ine, n'kutenganso eni nyumba amene anandibisa. Fwee, thumba lina. Fwee, loyandikana nane, mpaka ndinamva mbatata zake zikusuntha pamsana panga. Ndinakumbukira buluku ndi malaya zili pamtanda, poonekera, ndipo ndinayamba kulapa machimo ndi a anthu ena omwe.

Kenaka mnyamata wa chitsulo uja anapempha apongozi kuti aimirire, abaye limene akhalira. Iwo sanasunthe. Anapemphanso, mawu atakwera pang'ono. Ndinamva thupi lawo likulemera kuposa kale, ngati azika mizu.

"Iwe Fernando, mwana wa a Natembo," anatero apongozi, osakweza mawu. "Kuyambira dzulo m'mimba mwanditsegula. Ndakhala pano chifukwa kumene ndimathamangira sindinafikeko. Ukufuna ndiimirire pamaso pa anzakowa? Ndiimirira. Koma ukawauze amako zimene waona kwa mayi mnzawo."

A Nangondo, amene sankadziwa kanthu, anati kalanga ine, n'kusendera kutali ndi dengu lawo. Mnyamata wina anatsokomola, wina anatuluka panja. Fernando anayamba kupepesa m'zilankhulo ziwiri nthawi imodzi, desculpa mamã, pepani amayi, sitimadziwa. Apongozi anati palibe kanthu, ntchito ndi ntchito, ndipo poti anyamata akulondera m'chisanu ndi njala, anyamule thumba ilo lili pakhomo akaphike. Linali thumba la mbewu imene anasankha ndi manja awo, mbewu ya munda wonse wakumtunda. Ndinamva akulisenza, nsapato zikupita, agalu akuwaperekeza.

Apongozi anapempha a Nangondo kuti apite kaye kwawo, iwo adzikonze. A Nangondo sanadikire kuuzidwa kawiri (ndipo podzafika mawa lake mudzi wonse unkadziwa zimene zinawachitikira apongozi pamaso pa amilisiya, anthu akubwera ndi mizu ya m'mimba). Titatsala awiri, apongozi anatsika pang'onopang'ono. Mpweya unabwerera m'chifuwa changa ndi kaphokoso kamene sindikanatha kukabisa. Ndinadikira kukuwa. M'malo mwake ndinamva akukhala pansi chapatali, ndipo mawu awo ankamveka kuti ayang'ana kukhoma.

"Thumba iwe," anatero. "Ine ndakalamba ndi kachewere. Kachewere safunda, ndipo sapuma."

Thumba silinayankhe.

"Ndalowa muno ndaona buluku pamtanda, ndaona chala pabowo. Ndinati ndilikhalire thumba limeneli mpaka liphunzire. Za anyamata aja sindimadziwa. Ukawaona apulofesolo, uwauze kuti zovala zawo ndinazifungatira m'chitenje, ndaziika padengu. Uwauzenso kuti mbewu yapita, ndipo munda wakumtunda sudziwa kuwerenga mabuku."

Ndinayankha ndi mawu a mbuzi yomangidwa pakhosi kuti thumba lamva, ndipo likuthokoza kwambiri. Anabwera chafutambuyo, akupapasa ndi dzanja, n'kudula ulusi ndi mpeni wosendera mbatata, nkhope ili kumbali. Kenaka anatola ndowa n'kunena kwa nkhuku za pabwalo kuti akupita kumadzi ndipo akachedwako. Ndinatuluka chokwawa, miyendo itakana, thupi lonse litadindidwa mizere ya chiguduli. A Domingo anafika dzuwa litapendeka, akudzandira, n'kuyamba kumasula thumba lina lolakwika akuitana dzina langa.

Lolemba lake, sikola itangoweruka, ndinagwira khasu. Ndinalima ganyu m'minda ya anthu kuti andipatse mbewu, ndinasenza manyowa, ndinabzala munda wakumtunda wonse mpaka manja anachita matuza n'kuphulika n'kuchitanso ena. A Nabanda ankangondiyang'ana. Tsiku lina anafunsa kuti chandilowa n'chiyani, ndipo ndinati ndikufufuza za buku lonena za mlimi. Anati hmm, n'kundithira madzi otentha m'manja. Ankhoswe sanaitanidwe. Ine ndi apongozi tinapitiriza kupatukirana panjira monga kale, kungoti iwo akatembenukira kwina mapewa awo ankagwedezeka.

Mutu uja ndinaulembanso. Kanyoza sadutsanso pa kontololo. Inspetolo Dzonzi amangoyenda m'mbali mwa ngolo m'mawa wachisanu akusisita matumba ndi chikhatho, n'kuima pa limodzi lofunda. A Zuze atamva anawomba m'manja, amvekere apa ndiye mwaganiza ngati wapolisi weniweni, ndipo ine ndinalandira ulemuwo osaphethira. Kachewere wa munda uja tinadyako pang'ono chabe, chifukwa nkhondo inadzakula, tonse n'kuthawira ku Malawi, mapepala anga ali m'kati mwa mtolo umene apongozi anasenza okha. Anamwalira tili komweko, osandiyang'anapo m'maso, ndipo ine ndinakhulupirira kuti nkhani ya thumba inapita nawo kumanda.

Mwezi wathawu ndinali kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Tsangano, ndikuzungulira mgolo wa madzi. M'buku limene ndikulemba panopa muli mbava imene iyenera kubisala mumgolo, ndiye ndinkangouyang'ana, kuuyeza ndi mkono, kusuzumiramo pang'ono. A Nabanda anali pakhonde akusankha nyemba. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Amayi kulibe tsopano," anatero. "Palibe wodzakukhalirani."

Ndinaima ndi mkono uli mumgolo, kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi! Ndinafunsa kuti anadziwa liti, ndipo anati munthu amene amagona naye akabwera ndi mizere ya chiguduli kumsana, safunika Inspetolo Dzonzi. Ankhoswe sanawaitane chifukwa amayi awo anawauza kuti mwamuna amene wagulidwa ndi thumba la mbewu ndi manyazi a mayi satayidwa.

Ndinachotsa mkono mumgolo n'kukakhala pambali pawo, ndipo tinasankha nyemba mpaka dengu linatha. Mgolowo ndinalonjeza kuti sindiuyandikiranso, ndipo sindinauyandikire. Kungoti ndinali nditauyeza kale, ndipo ndikapinda bwino mawondo, ndikwanamo.